Mundisungire Chikhomo Changa

Malengachanzi, Nkhotakota
4 Malichi

Mwana wanga Rahma,

Asalamu aleikumu. Ndikhulupirira kuti uli moyo ku Lilongweko, chifukwa ukanafa akanabwera kudzatiuza. Ife kuno tadzuka, Alihamudulila, kungoti miyendo yangayi yayambanso zake zija. Achimwene ako Idrisa ndi mkazi wake Maimuna ali bwino.

Kalatayi ndapatsira a Yasini a minibasi. Usandiuzenso za foni. Yanga ija inazima mu Januwale, ndipo ngakhale ikanakhala yamoyo, nkhani ndili nayoyi si yokambira pa foni mudzi wonse uli tcheru kuseri kwa mpanda.

Nyanja yatipeza, Rahma. Mango uja unkamangapo katungwe waima m'madzi, ndipo munda wa mpunga wakumunsi wapita wonse, mukusambira abakha a anthu ena. Khoma la kuchipinda kwanga lang'aluka kuchokera pawindo mpaka pansi, mng'alu woti ndikulowetsamo dzanja. Idrisa akuti timangenso pomwepa. Ine ndikuti tisamukire kumtunda, koma kumtunda wogawa malo ndi amalume ako a Sharifu, ndipo masiku ano ine ndi alongo angawo sitikumwerana madzi.

Chatiyambanitsa ndi chikhomo chako chija. Zaka zitatu zapitazo unabwera ndi anzako akuntchito, munakumba dzenje kuseri kwa khitchini, munathiramo simenti, n'kuika kachitsulo kachikasu pamwamba. Kenako munaimikapo makina a miyendo itatu masiku anayi, ine ndili kalikiliki kukuphikirani. Unati chikhomocho chidzatiuza ngati nthaka yathu ikutsika. Chaka chotsatira unabweranso, koma chaka chatha kunali zii.

Tsopano amalume ako akuti chimenecho ndi bikoni, ndipo bikoni ikafika pamalo ndiye kuti malowo agulitsidwa. Akuti anaona ndi maso awo cha ku Ngala: kunayamba timiyala ta simenti, kenako waya, kenako alendo atagona chagada pamene anthu ankayanikapo usipa. Ndinawauza kuti mwana wanga ntchito yake ndi yoyeza nthaka basi. Iwo anaomba m'manja n'kunena kuti, "Ehee, mwavomera nokha! Woyeza malo amayezera wogula." Mawu amenewo akundiwawa mpaka lero.

Bwera udzawafotokozere wekha. Udzandiyankhenso funso langa, poti ndiwe unapita kusukulu: kodi nyanja ndi imene ikukwera, kapena ife ndi amene tikumira? Ngati pali kangachepe ka simenti yomata khomali, upatsire a Yasini.

Amayi ako,
Shamsa


Lilongwe
13 Malichi

Amayi anga okondedwa,

Waleikumu salamu. Mwayamba bwanji swaumu, kusala kwa Ramazani, ndi miyendo yanuyo? Kalata yanu ndinaiwerengera pa depoti pomwepo, nditaimirira, ndipo ya khomayo yandisowetsa mtendere.

Ndikanakonda kunena kuti ndikubwera mawa, koma ndikanama. Ndikuuzeni mmene zinthu zilili, poti ndakhala ndikukubisirani. Zikhomo ngati chanucho tinaika makumi anayi dziko lonse, kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje. Tinkafuna kudziwa kumene nthaka ikutsika ndi kumene ikukwera, kuti anthu asamamange nyumba, masukulu ndi milatho pamalo oti mawa padzakhala dambo. Kuyeza kawiri sikukwanira. Kachitatu ndi kamene kamaulula zoona, n'chifukwa chake funso lanu lija sindingaliyankhe panopa, ngakhale ndimagona nalo ndi kudzuka nalo.

Thandizo la kafukufukuyu linkachokera ku bungwe lina lakunja, ndipo linatha chaka chatha. Galimoto yathu ili pamiyala, makina aja ali mu kabati. Ndalemba makalata opempha thandizo mpaka zala kuchita dzanzi. Ena anayankha kuti nkhani ya nthaka siigwira mtima ngati ya njala kapena ya kolera. Ena sanayankhe n'komwe. Latsala bungwe limodzi. Iwo akuti tiwaonetse kuti zikhomo zakale zikadalipo, makamaka za kunyanja, tiyeze kachitatu iwo akuona, ndipo akakhutira adzathandiza ntchito ya dziko lonse kwa zaka zisanu.

Koma Amayi, mwa makumi anayi aja zatsala zisanu ndi zinayi. Wina ananamiza anthu kuti pansi pake timakwirira mekyule wofiira woti ukagulitsa ugula galimoto, ndiye akhala akukumba ngati akusaka mbewa. Anapeza miyala ndi simenti, koma sanasiye. M'mbali monse mwa nyanja chatsala chimodzi chokha, cha kuseri kwa khitchini yanu. Chinapulumuka chifukwa palibe wakuba amene angalimbe mtima kudutsa pakhomo panu.

Ntchito yanga ikutha mu Juni ngati thandizoli silibwera. Zaka zisanu ndi chimodzi za moyo wanga zili m'chikhomo chimenecho. Mundisungire chikhomo changa, Amayi. Muchisunge ngati mmene mumasungira masatifiketi anga mu sutikesi muja, pasapezeke wochikhudza. Amalume muwauze kuti malo sindinagulitse ndipo sindidzagulitsa, ndidzabwera ndi pepala lachidindo.

Ndaikamo kochepa ka simenti. Ndikuchita manyazi ndi kuchepa kwake.

Mwana wanu,
Rahma


Malengachanzi
29 Malichi

Rahma,

Salamu. Tili bwino, usipa ukusowa, mwera sunayambe koma nyanja ikuchita ngati yalusa kale.

Ine si wolembalemba, ndiye ndingonena. Sabata yatha kunadutsa galimoto yoyera ya anthu ovala zipewa, anaima pamsewu n'kumaloza kunyanja. Mwina ankangofuna pokodzera, sindikudziwa. Koma pofika madzulo mudzi wonse unali utadziwa kuti ogula malo aja abwera kudzaona katundu wawo. Ku mzikiti anthu akundipatsa moni wa nsonga za zala. Maimuna akapita kumjigo, anzake akumufunsa kuti hotela ikatsegulidwa adzawalembe ntchito yochapa.

Amayi akugona pang'ono, akudya pang'ono. Masana onse amakhala pa mpando pafupi ndi chikhomo chakocho ngati akulondera mpunga kuopa mbalame. Mbuzi ya amalume inangodutsapo, inalandira chikuni cha pamsana.

Foni yanga inagwera m'madzi tikukoka ukonde wa chilimira, ndiye usavutike kuimba. Udzabwere pa Idi. Mlongo wanga, sukulu yako timainyadira, koma pano ikutiotcha.

Ndine,
Idrisa


Malengachanzi
12 Epulo

Rahma mwana wanga,

Asalamu aleikumu. Idi yadutsa, maso anga anali kunjira mpaka mpunga unazizira m'mbale. Sindikukudandaula, ndikudziwa kuti ulibe choyendera. Ndikungokuuza kuti mpando wako unali pomwepo.

Zimene ndinkaopa zachitika. Titachoka ku swala ya Idi, abale onse anasonkhana pakhomo pano monga mwa chaka chilichonse. Ndinawaikira amalume ako mbale yawo, mpunga wa faya ndi nyama ya mbuzi, mwendo umene amaukonda. Anaikankhira kumbali anthu onse akuona, n'kunena kuti, "Mpunga wophikidwa pamalo ogulitsidwa ine sindidya."

Ndinati, "Achimwene, lero ndi Idi, tisachititsane manyazi."

Iwo anati, "Manyazi ali kuseri kwa khitchini yanu, achemwali. Amayi athu anatisiyira malo ano tonse. Mwana wanu wakhala akulonjeza pepala mwezi wathunthu, lili kuti? Lachisanu la pa 26, tikachoka ku mzikiti, ngati pepalalo palibe, ndibwera ndi hamala yoswera miyala, ndipo ndidzaswa masanasana, aliyense akuona."

Sindikuwada alongo anga. Nawonso mathandala awo oyanikapo nsomba ali m'madzi, ndipo munthu amene nyanja ikumulanda kutsogolo amaopa kulandidwanso kumbuyo. Ndi mantha amene akuyankhula. Koma hamala siidziwa kuti woigwira ali ndi mantha, ndipo a Sharifu akanena chinthu pagulu sabweza.

Vuto lina ndi madzi. Tsiku lililonse ndikatha swala ya m'mawa ndimayenda kuchokera pa chikhomo kukafika pamene pali madzi. Pa chiyambi cha Ramazani anali mapazi makumi atatu. Lero ndapeza khumi ndi awiri. Ndachifunditsa pulasitiki ndi kutsamiritsa njerwa, koma mtima wanga uli m'malere. Madzi akalowa m'katimo, zonse zimene chakhala chikulemba zaka zitatuzi sizifufutika? Foni ya Idrisa inangonyowa kamodzi, manambala onse anapita.

Ndasowa mtengo wogwira, Rahma. Kutsogolo hamala, kumbuyo nyanja, ine pakati ndi miyendo yotupa. Undiyankhe msanga, a Yasini akabwerera asabwere chimanjamanja.

Amayi ako,
Shamsa


Lilongwe
19 Epulo
MWACHANGU

Amayi,

Salamu. Ndikulemba mothamanga, mundikhululukire zilembo.

Choyamba nkhani yabwino. Bungwe lija lavomera. Akutumiza munthu wawo, atipatsa galimoto ndi mafuta, ndipo pa 8 Meyi tidzakhala pakhomo panu ndi makina aja kudzayeza kachitatu. Ndaikamo kalata yachidindo ya kuntchito kwathu, yofotokoza m'Chichewa kuti chikhomocho si bikoni ndipo malo sanagulitsidwe. Idrisa akawapatse amalume pamanja Lachisanu lisanafike.

Tsopano mundimvetsere bwino, chifukwa mawu anu a madzi kulowa m'kati andiopsa. Amayi, m'chikhomomo mulibe chilichonse. Mulibe makina, mulibe cholembera, mulibe manambala. Ndi simenti, miyala ndi kachitsulo basi. Manambala ali kuno, m'mabuku anga. Ntchito ya chikhomocho ndi imodzi yokha, kukhala pamene tinachiika osasuntha. Chimagwirana ndi nthaka, nthaka ikatsika nacho chimatsika, ndipo ife timabwera kudzaona kuti kachitsulo kaja katsika bwanji kuchokera pamene tinakasiya. Zimene timafuna ndi zazing'ono ngati kukhuthala kwa chikhadabo. Chikangosunthidwa ndi munthu, ngakhale pang'ono pokha, zonse tinayeza kale zija zimasanduka zopanda ntchito.

Madzi asakuopseni. Chinyowe, chimire kumene, tidzaimika makina m'madzi momwemo. Pulasitikiyo muchotse mufunditse mbaula. Chimene ndikupempha ndi chimodzi: pasapezeke wochigwedeza, wochikumba m'mbali kapena wochinyamula, ngakhale ali ndi cholinga chabwino chotani.

Ndayesa kuimba kwa amalume, akangomva mawu anga akudula. Foni ya Maimuna ikungoti siikupezeka. Ndiye ndadalira a Yasini, andilonjeza kuti mawa kalatayi idzakhala m'manja mwanu.

Tatsala pang'ono, Amayi. Masabata atatu okha, kenako ndidzakuyankhani funso lanu lija.

Rahma


Malengachanzi
27 Epulo

Mwana wanga wokondedwa,

Asalamu aleikumu. Lero ndikulemba mtima uli pansi, koyamba chiyambire chaka chino. Sindikudziwa kuti kalatayi ikupeza liti, chifukwa mvula ya sabata yatha inadula msewu kumwera kwa Benga, ndipo a Yasini sanaoneke kuyambira tsiku limene ndinawapatsira kalata yanga ija. Akuti minibasi yawo ili tsidya linalo. Ndinadikira yankho lako mpaka Lachitatu, madzi atafika mapazi anayi, hamala itatsala masiku awiri. Kenako ndinati, Shamsa, unabereka mwanayu wekha popanda kalata yokuuza chochita.

Ndinawerenganso kalata yako ya mu Malichi. Unati ndichisunge ngati masatifiketi ako. Ndinadziseka ndekha kuti yankho linali m'manja mwanga masiku onsewa. Kodi masatifiketi ako ndimasunga panja, pamvula, pamene aliyense wodutsa angawaponde?

Lachinayi m'mawa amalume ako anapita ku boma kukagula mankhwala a shuga. Ndinaitana Idrisa ndi anzake asanu ndi mmodzi a pa chilimira. Anabwera ndi makasu, zingwe za ukonde ndi mitengo iwiri ya bulugamu. Iwe, chinthu chako chija n'chozama! Pamwamba chimaoneka kamwana, koma pansi chinapita mpaka m'chiuno mwa munthu, ndipo chinakana kutuluka ngati dzino la kumapeto. Anakumba, anamanga zingwe, anayamba nyimbo yawo yokokera ukonde, ine ndikuwakuwira kuti, "Pang'onopang'ono, muli zinthu za mwana wanga m'menemo!" Chitazuka, amayi a kumjigo amene anabwera kudzaonerera anaimba nthungululu osadziwa n'komwe chimene akusangalalira.

Pakhomo chinakana kulowa, ndiye Idrisa anachotsa chitseko ndi felemu yomwe. Panopa chili kuchipinda kwanga, mbali imene khoma lili lolimba, pafupi ndi sutikesi. Ndinachitsuka ndi sopo. Kachitsulo kaja ndinakakwecha ndi phulusa ndi ndimu, kakuwala moti sungakazindikire. Ndachifunditsa chitenje chija unandigulira utalandira malipiro ako oyamba. Sichinakhumudwe paliponse, ndinachiyang'ana mbali zonse zinayi. Ndikaika khutu sindikumva kalikonse, koma Idrisa akuti zamasiku ano sizilira.

Anyamata a chilimira ndinawaphikira mpunga ndi nkhuku ziwiri. Usadandaule za nkhukuzo.

Dzulo amalume ako anabwera monga ananenera, hamala ili paphewa, anthu ali pambuyo. Anapeza dzenje. Anandiyang'ana, ine ndinati, "Bikoni yanu ija yazulidwa, achimwene. Wogula malo akabwera mudzamuonetse dzenjelo." Anasuzumira m'dzenjemo. Kenako anatsamiritsa hamala pa khoma, anakhala pa mkeka, n'kunena kuti, "Mpunga wa pa Idi uja unatha?" Rahma, ndinalira. Anadya mbale ziwiri, ndipo pochoka anati tikakolola ndipite kumtunda ndikasankhe ndekha pomanga nyumba.

Waona tsono? Chikhomo chapulumuka, ubale wapulumuka. Uwauze azungu akowo kuti abwere tsiku lililonse limene afuna, adzayezera m'nyumba, pamthunzi, ndipo tiyi adzamwa. Ndakusungira, mwana wanga. Ugone tulo.

Amayi ako,
Shamsa


Malengachanzi
30 Epulo

Rahma,

Salamu. Msewu watseguka. A Yasini afika dzulo ndi kalata yako ya MWACHANGU, atayenda nayo m'thumba masiku khumi. Anandipeza pa siteji, ndiye ndinaitsegula pomwepo. Kalata ya Amayi ya Loweruka ndi yangayi zibwera limodzi. Uyambe kuwerenga yawoyo, kenako ubwerere kuno.

Wawerenga? Ndiye wadziwa.

Ndinakhala pansi pa siteji ngati munthu wobwera ku maliro. Chingwe choyamba ndinamanga ndine, mlongo wanga. Inenso ndinkaganiza kuti muli kamemori ngati ka mu foni. Palibe mmodzi mwa ife asanu ndi awiri amene anafunsa.

Amayi sindinawapatse kalata yako. Akuyenda ngati mtsikana, miyendo yaiwala kutupa, aliyense wobwera akumulowetsa kuchipinda kukaona. Ndilibe mtima wowauza.

Koma ndaganiza nzeru. Dzenje likadalipo, madzi alowamo mpaka m'mawondo koma m'mbali mwake simunagumuke. Ndikukumbuka mbali imene inayang'ana kunyanja. Pepala lachidindo lija amalume ndawapatsa, aliwerenga kawiri, ndipo akuti ngati ndi choncho alibe nacho chifukwa. Ndikhoza kuitana anzanga aja Lachisanu, tichibwezere, ndithire simenti, tipondeponde, ndidzale kapinga pamwamba. Amayi ndidzawauza kuti mwini wake walamula. Pofika pa 8 padzakhala ngati sipanakhudzidwe. Mlendo wakoyo akuchokera kutali, adzadziwa bwanji?

Ungonena kuti eya, zotsalazo ndi zanga. Ndinakuonongera ndine, ndilole ndikonze.

Idrisa


Lilongwe
2 Meyi

Achimwene,

Waleikumu salamu. Makalata onse awiri ndawalandira. Ya Amayi ndinaiwerengera ku ofesi, ndinafika pa phulusa ndi ndimu, kenako ndinakadzitsekera kuchimbudzi kuti anzanga asandimve.

Nzeru yanuyo musaganize kuti ndinaikana msanga. Ndinakhala nayo masana onse. Mlendoyo sangadziwe, mukunena zoona. Ndikuuzeninso china chimene simukuchidziwa. Mukachibwezera, sichingakhale ndendende pamene chinali. Chidzatsika kapena kukwera ndi chala chimodzi, mwina chikhatho chonse, ndipo makina adzanena kuti nthaka ya Nkhotakota yatsika ndi chikhatho m'zaka ziwiri. Nambala yoopsa chotero anthu a bungwe aja angaikonde kwambiri. Thandizo likhoza kubwera mwezi womwewo, mwinanso loposa limene ndinapempha.

Koma nambala imeneyo idzalowa pa mapu a dziko lonse. Tsiku lina mayi wina ngati Amayi athu adzafunsa ngati amange pomwepo kapena athawe, ndipo adzamuyankha ndi bodza limene inu ndi ine tinapondaponda Lachisanu. Ndinalowa ntchito imeneyi kuti funso limenelo lizikhala ndi yankho loona. Musachibwezere, Achimwene. Ndikukupemphani, ndipo ndikukuletsani.

Lero m'mawa ndawalembera a bungwe aja zoona zokhazokha. Ayankha ndi mizere itatu. Akuti akumva chisoni, koma popanda chikhomo cha kunyanja palibe chimene angakaonetse akuluakulu awo, ndiye ulendo wa pa 8 auimitsa, ndipo ndidzayesenso chaka chamawa. Chaka chamawa ine ndidzakhala ndilibe ofesi yolemberamo. Zikhomo zisanu ndi zitatu zotsalazo sindikudziwa kuti adzazione ndani.

Musadziimbe mlandu. Wolakwa ndine. Ndinadya mpunga wa Amayi masiku anayi, kawiri konse, ndikufotokozera anzanga m'Chingerezi, osatenga mphindi zisanu kuwauza eni khomo kuti chinthucho chimagwira ntchito bwanji. Ndiponso za masatifiketi ndinalemba ndine.

Ndibwerabe Lachitatu, pa minibasi. Kalata ya MWACHANGU ija muiotche, ndi ino yomwe. Amayi asadziwe. Ndidzalowa kuchipinda, ndidzachiona, ndidzawathokoza, ndipo ndidzawauza kuti alendo aja adwala. Inu mudzangogwedeza mutu.

Mlongo wanu,
Rahma


Malengachanzi
5 Meyi

Rahma,

Asalamu aleikumu. Tadzuka.

A Yasini anafika Idrisa ali kunyanja, ndiye kalata yako anasiya m'manja mwanga. Pa envelopu panali dzina la Idrisa, koma zilembo zinali zako, ndipo ndinaganiza kuti ukunena tsiku lobwera ndi alendo, ndiyambe kupuntha mpunga. Nditaiwerenga ndinapita kwa Maimuna kukafuna inayo. Anaitulutsa m'thumba la malaya a mwamuna wake osandiyang'ana kumaso. Ndawerenga onse awiri, katatu katatu.

Ndinapita kukaima pa dzenje lija. Ladzaza, muli tiana ta achule. Ndinabwerera kuchipinda, ndinavundukula chitenje, ndinagogoda ndi chala mbali zonse. Ndi simenti basi, monga wanenera. Nkhuku ziwiri, amuna asanu ndi awiri, nthungululu. Safunsa adadya phula, ndipo ine ndadya ndi kugawirako mwana wanga.

Usiku ndi usana ndikupempha Allah kuti andibwezere Lachinayi lija, koma ndikudziwa kuti sabweza. Idrisa wandiuza za nzeru yake yochibwezera. Ndamuuza kuti akakhudza chingwe ndimuthyola dzanja. Pokana nzeru imeneyo iwe wachita bwino, ndipo bambo ako akanakhala moyo akanaimirira kukupatsa ulemu.

Koma pali china chimene chandipweteka kuposa dzenjelo, ndipo ndichinena. Zaka zitatu chinthu chili kuseri kwa khitchini yanga, sunandiuze kuti chofunika si mwalawo koma malo ake. Unkaona ngati sindingamve? Ukanangoti, "Amayi, ntchito yake ndi kukhala pamene chili," ine ndikanamva msanga kuposa azungu akowo. Za makina sindidziwa, koma za kukhala pamalo osasuntha ndimazidziwa. Ndikanakhala pamwamba pake, a Sharifu akanayamba kuswa ine. Tsopano wapangana ndi achimwene ako kuti undibisirenso kachiwiri, undiseketse ngati mwana amene waswa kapu.

Ukabwera Lachitatu usandithokoze. Ukandithokoza ndidziwa kuti wandiika m'gulu la ana ndi odwala, amene sauzidwa zoona. Ulowe kuchipinda, uone mmene ndinachikwechera, kenako undikalipire mokweza, amalume ako amve ali kwawo. Ndaphwanya ntchito ya mwana wanga ndi manja angawa, ndipo ndikufuna mwini wake andiuze pamaso.

Amayi ako,
Shamsa